Mtima wa Pansi pa Makina Osokera

Anakumana chifukwa cha msomali.

Linali tsiku lake loyamba pantchito, ndipo mtsikanayo anali atavala diresi yatsopano yobiriwira, yoti aliyense aone kuti kwabwera munthu wophunzira. Abwana ake anamutuma kunyumba yosungiramo katundu kuti akaone makina osokera amene boma linagulira amayi osauka. Akulowa pakhomo, msomali wa pachitseko unakola diresi ija, mpendero wonse n'kung'ambika.

"Mayo ine! Diresi yanga!"

"Pepani, achemwali," anatero munthu wina m'katimo. "Msomali umenewo umakola okongola okha. Ine ndimadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku, koma sunandikoleko ndi kamodzi komwe."

Wolankhulayo anali mlangizi, mnyamata wamtali wa kampata pakati pa mano. Ntchito yake inali kugawa makinawo ndi kuphunzitsa amayi kusoka. Anamubwereka ovolosi kuti akasinthire kuseri kwa makatoni, iye n'kukhala pamakina amodzi, n'kuyamba kusoka mpendero uja.

"Ndiye inu ndinu a kalondolondo aja? Diso la boma?"

"Ndine amene. Muzichenjera nane."

"Ndachenjera mochedwa. Diso la boma landilasa kale."

Atamaliza, anazula msomali uja pachitseko, anagwada, n'kulemba nawo kamtima pansi pa thabwa la makinawo, pamalo poti munthu sangaone pokhapokha atawerama.

"Makina awa ndiwo mboni yathu," anatero. "Tsiku limene mtima uwu udzafufutike ndi limene ine ndidzakuiwaleni."

Mtsikana wochenjera akanangoseka n'kumapita. Uyunso anaseka ndithu, koma nambala ya foni anaisiya.

Ntchito ya mtsikanayu inali yoyenda khomo ndi khomo, kuona ngati makina anafikadi kwa eni ake komanso ngati akuwathandiza. Mayi amene wapezeka kuti akusoka ndipo akudzidalira ankamuchotsa pa chithandizo cha mwezi ndi mwezi, kuti malo ake apite kwa wina wovutika koposa. Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo abwana ake, mayi wosaseka ndi munthu, ankalibwereza ngati nyimbo.

"Kumene ukupita mawa, usauze munthu. Ngakhale mayi ako okubala. Kalondolondo wolengeza ulendo wake si kalondolondo, ndi mlendo wodzadya."

Koma foni inayamba kulira m'mawa, masana ndi madzulo. Anali mlangizi uja.

"Diso langa, wadzuka bwanji? Ine sindinagone, ndimasoka dzina lako mumtima."

"Bodza iwe! Dzina amasoka?"

"Lako lokha. Mawa ukhala kuti, wokondedwa? Ndikufuna mtima wanga udziwe koyang'ana."

Poyamba anakana. Anati lamulo sililola. Mlangizi anakhala tsiku lonse osayankha, kenako anatumiza mawu ochepa: "Ndaona kuti kwa iwe ndine munthu wamba. Palibe kanthu."

Mtsikana anadwala nawo mawu amenewo. Kodi munthu amene adzakhale mwamuna wako ungamuike m'gulu la anthu wamba? Kodi dzina la msewu chabe lingaononge chiyani? Anatenga foni n'kulemba: "Usakwiye, moyo wanga. Mawa ndikhala kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko chofiira."

Kuyambira tsiku limenelo, diso la boma linachita ng'ala.

Mkulu wake, amene ankagona naye chipinda chimodzi, ankangomuyang'ana akumwetulira foni ngati wapenga.

"Iwe, mwamuna wofunsa kuti 'uli kuti' timamudziwa, ndi wansanje. Koma wofunsa kuti 'mawa ukhala kuti' mtundu wake sindinaumvepo. Amabwera kumeneko kudzakuona?"

"Ayi, amakhala wotanganidwa."

"Nanga amafunsiranji?"

"Achemwali, inu nsanje basi. Chikondi simuchidziwa."

"Chabwino, mwini chikondi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ntchito inkayenda bwino mpaka kudabwitsa. Nyumba iliyonse imene ankafika ankapeza makina ali pakati pa chipinda, nsalu ili pasingano, mayi ali pampando. Tsiku lina, m'nyumba ya mayi wina wovala magalasi omangidwa ndi ulusi, cholembera chake chinagwa. Atawerama kuti atole, maso ake anagwera pansi pa thabwa. Kamtima kaja!

Makina awo enieni, mboni yawo, anali atapeza mwini! Anatulutsa foni kuti amuuze, koma anaibwezanso m'chikwama. Anati nkhani yokoma chonchi adzamuuze pa tsiku la mphete, pakuti mlangizi anali atalonjeza kale kuti: "Lipoti lako likangotha, ndikubwera kwanu ndi mphete. Ndikanama, dzanja losokerali liume."

Mtsikana anamulemba mayi wa magalasi uja kuti waima payekha, ndipo mwezi womwewo chithandizo chake chinadulidwa.

Patapita masabata angapo, ntchito inamufikitsa kutsidya lina la tawuni, kumene nyumba zake zinathithikana m'mbali mwa ngalande. Analowa m'chipinda chimodzi cha mayi wamasiye. Pakona panali beseni lolandira madzi odontha kudenga, mphasa yokulunga, ndi nsapato zing'onozing'ono za ana zosanjidwa pakhoma. Pakati pa umphawi wonsewo panali makina onyezimira.

"Mumasoka chiyani kwenikweni, mayi?"

"Zosiyanasiyana, madamu. Mayunifomu, madiresi. Zikuyenda bwino kwambiri. Tikuthokoza boma."

Mayiyo ankalankhula akuyang'ana kudenga, ngati mwana wolakatula zoloweza. Pansi panalibe kachidutswa ka nsalu ngakhale kamodzi. Malaya amene anavala anali ong'ambika paphewa, ogwiridwa ndi pini.

Tsono mtsikanayu anakumbukira tsiku la cholembera lija. Atakhala pafupi ndi makinawo, anapisa dzanja pansi pa thabwa n'kumasisita, kungokumbukira wokondedwa wake. Anatero osaganiza n'komwe. Zala zake zinakumana ndi mizere. Zinaitsatira, kukwera, kupinda, kutsika.

Anagwada n'kusuzumira. Kamtima komwe kaja, kopendekeka mbali imodzi pamene msomali unaterereka.

"Mayi," anatero, "makina awa anafika liti kuno?"

"Kalekale, madamu."

"Tapisani ulusi pasingano ndione."

Mayiyo anatenga ulusi. Anayang'ana singano, anayang'ana gudumu. Kenako anauika pansi n'kuphimba nkhope ndi nsalu yake.

"Mwana wanga, usandimangitse. Abwera nawo m'mawa uno pangolo. Madzulo adzawatenga."

"Ndani?"

"Alangizi. Anati makina athu akadali m'njira, koma akuluakulu akabwera tizinena kuti tinalandira. Anati tikaulula atifufuta, sitidzalandiranso kanthu. Iwo amadziwiratu tsiku limene mukubwera. Sanaphonyepo. Amati ali ndi diso lawo kuofesi."

Diso lawo!

Mtsikana anakumbukira mauthenga a mlangizi aja. "Diso langa, wadzuka bwanji?" "Diso langa, mawa ukhala kuti?" Iye ankayesa dzina lachikondi, chonsecho munthuyo ankangomutchula ntchito imene ankamugwirira. Ndipo amayi onse aja amene anawalemba kuti aima paokha? Mayi wa magalasi uja, amene lero analibe makina, analibenso chithandizo? Anawadula pakamwa ndi dzanja lake lomwe, akumwetulira.

"Mayi, ndikadalemba zimene mwandiuza poyamba zija, mwezi wamawa simukadalandira chithandizo."

Mayiyo anatsitsa nsalu pankhope. Anayang'ana nsapato zija pakhoma.

"Zimenezo sanatiuze," anatero motsitsa.

Kunyumba sanadye. Mkulu wake sananene kuti ndinakuuza, anangomukumbatira n'kumusiya alire. Dzuwa lisanalowe foni inalira monga mwa masiku onse.

"Diso langa, ndakusowa mpaka chakudya sichikulowa. Mawa ukhala kuti?"

"Usayankhe," anatero mkulu wake. "Ingopita kwa abwana ako."

"Ndikapita, nanenso ntchito yatha, achemwali. Wotulutsa chinsinsi ndine."

"Ndiye ukhala chete?"

Apo ndi pamene panali povuta. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali ntchito yake ndi mtima wake womwe. Mkati mwake munali kamawu kopusa kamene kankati mwina pali chifukwa, mwina akumukakamiza, mwina chikondi chokha ndiye chinali choona. Anafuna kumva kuchokera pakamwa pake. Analemba: "Mawa ndikhala pafupi ndi sukulu, nyumba yoyang'anizana ndi mpopi."

"Zikomo, mfumukazi yanga. Ugone bwino."

M'mawa mwake analawirira. Anavala diresi yobiriwira ija n'kukaima kuseri kwa mpopi, pakati pa amayi otunga madzi. Sanadikire nthawi yaitali. Ngolo inatulukira pakona, makina ataphimbidwa ndi bulangete, mlangizi akuikankha yekha uku akuimba mluzu.

"Mwadzuka bwanji, alangizi?"

Mluzu unaduka. Mnyamata anatembenuka, kampata ka mano kaja kanaoneka, koma kumwetulirako kunali kouma.

"Diso langa! Walawiratu bwanji? Awa ndi makina owonongeka, ndimapita nawo kokakonza."

"Enawo ali kuti? Makina a amayi onse aja ali kuti?"

"Bwanji ukunditchula kuti alangizi? Ndine ndemwe, wokondedwa wako."

"Ndakufunsani funso."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kusendera pafupi, mawu atatsika.

"Tamvera. Ndinagulitsa, inde. Koma ndimachitira ife! Ukwati umafuna zinthu, nyumba imafuna mipando. Amayiwa anazolowera kuvutika, sangafe. Ndipo usaiwale, ukandiulula wadziulula wekha. Mauthenga ako onse ali mufoni muno. Tingokhala chete, lipoti lithe, ndibweretse mphete. Ndimakukonda, ndikulumbira!"

Misozi inatsika, koma mtsikana sanaipukute. Amayi a pampopi anali atasiya zidebe zikusefukira.

"Chinthu chimodzi chokha. Mwa makina onse aja, bwanji munasunga awa?"

Pansi pa mtima ankapempha kuti ayankhe bwino. Akanangoti, "Chifukwa ndi athu, sindikanatha kuwagulitsa," mwina mtsikanayo akanagwa pomwepo, pakuti mtima wokonda ndi wopusa kwabasi.

Mlangizi anakweza mapewa.

"Ogula anawakana. Anati thabwa lake ndi lokalika pansi. Sindikudziwa kuti ndi chitsiru chiti chinakala pamenepo."

Mtsikana anayang'ana pangolo paja. Kamtima kanali pomwepo, pansi pa bulangete, kosafufutika ngakhale pang'ono. Woiwala anali ataiwala kalekale.

Anatulutsa foni n'kuimba, maso ali pa iye.

"Abwana, ndine. Ndili pafupi ndi sukulu, pampopi. Bwerani ndi galimoto. Amayi onse amene ndinawalemba kuti aima paokha abwezeretsedwe, palibe amene analandira makina." Anamvetsera abwana akufunsa. "Inde, pali amene ankaulula maulendo athu. Mukafika mundipeza, sindithawa."

"Wapenga iwe?" anakuwa mlangizi. "Wadziphera ntchito! Mawa ukhala kuti?"

Mtsikana anavundukula bulangete lija, analipinda bwinobwino, n'kukhala pamphepete pa ngolo, dzanja lake lili pamakina.

"Funso limenelo," anatero, "musadzandifunsenso."