Ndowa ya Madzi a Mvula Pageti

Wamawotchi atabwerako kumsika Lachiwiri cha m'ma leveni koloko m'mawa, anapeza loko wa chitseko cha kuseri ali pansi. Wailesi inalipo. Mawotchi a makasitomala analipo onse, akungodziyendera. Koma m'chipinda cha nsomba munali zii. Pampu imene inalira osapuma kwa zaka zisanu ndi chimodzi inali itazimitsidwa, ndipo m'thanki yagalasi munangotsala madzi ndi miyala.

Nsomba zonse zisanu ndi zitatu zinali zitapita. Tinali tinsomba totalika ngati chala, ta mizere yakuda ndi yoyera, timene ogulitsa amati zebura puleko koma malemu mkazi wake ankangoti timbidzi. Mbavayo inatenganso kapaipi kadongo kamene mayiyo anaumba yekha asanagonekedwe m'chipatala. M'kapaipimo munali nsomba yaimuna ikulondera mazira, oyamba chimwalirireni mwini wake. Pakhomo pa kapaipiko panali chidindo cha chala chachikulu cha malemuyo, ndipo Wamawotchi ankachiyang'ana m'mawa uliwonse asanamwe tiyi. Anamusowa mkazi wake tsikulo ngati kuti maliro anali adzulo.

Kupolisi, wa pakauntala anafunsa ngati nsombazo zinali zouma kapena zaziwisi, anzake n'kufa nalo phwete. Sajeni yekha, mayi wamfupi wosaseka wamba, ndiye anatulutsa cholembera atamva kuti imodzi yokha imagula njinga. Anafunsa amene amalowa m'nyumbamo. Wamawotchi anati palibe, kupatula mlamu wake, mlongo wa malemu, woyendetsa takisi, amene ankabwera kudzamwa tiyi ndi kufunsa mtengo wa chilichonse chimene maso ake agwerapo. Sajeni anakachita chipikisheni kwa mlamuyo masana omwewo. Sanapezeko ngakhale mamba.

Chimene chinkamudya Wamawotchi sichinali mtengo. Anali madzi. Malemu anasiya kope lodzaza ndi manambala, ndipo iye ankalidziwa pamtima kuposa nyimbo za kutchalitchi. Timbidzi timafuna madzi ofunda, madigiri 29, osatsika. Timafuna madzi ofewa, othamanga, a mpweya wambiri. Madzi a pampopi a m'tauni imeneyo anali a laimu ndi mankhwala, oti ngakhale ketulo imachita nawo chikhungu choyera. M'madzi otero tinsomba tikanatha pasanathe sabata, mazira n'kuola.

Lachitatu m'mawa anang'amba katoni n'kulembapo ndi zilembo zazikulu: “Kwa amene watenga nsomba zanga. Madzi akhale ofunda, madigiri 29. Musaziike m'madzi a pampopi okhaokha. Pampu isazime. Yaimunayo musaitulutse m'kapaipi. Madzi a mvula ndi awa, tengani.” Anamangirira katoniyo pageti. Pansi pake anaikapo ndowa yodzaza kuchokera mu dilamu ya kuseri.

Anansi anati umasiye wamuzunguza mutu bamboyo. Sajeni podutsa anawerenga kawiri.

“Bambo, mwayamba kuphunzitsa mbava ntchito?”

“Ngati akhale nazo, akhale nazo zamoyo, mayi,” anayankha Wamawotchi.

Sajeni anayang'ana kumwamba. Mvula inali itasiya miyezi iwiri yapitayo, ndipo m'dera lonselo munthu wosunga madzi a mvula anali mmodzi yekha. Anauza Wamawotchi kuti ndowayo asaichotse, komanso kuti azitseka makatani kuti zizioneka ngati wachoka. Iye anavula yunifomu n'kukakhala mu saluni ya kutsidya kwa msewu. Lachinayi lonse a mu saluniyo anamuluka tsitsi, kulimasula, n'kulilukanso. Ndowa inangomwedwa ndi galu.

Lachisanu nthawi ya nkhomaliro takisi yoyera inaima pageti, injini osazimitsa. Woyendetsa anatsika chipewa chili m'maso, anayang'ana uku ndi uku, n'kunyamula ndowa. Asanatseke buti, Sajeni anali atamugwira lamba, theka la mutu lili lolukidwa. La fote linali litamukwanira mlamu.

Mlamuyo anatsogolera yekha Sajeni ndi Wamawotchi ku galaja kumene ankaimika takisi. Kuseri kwa matayala akutha kunali beseni la pulasitiki, hita yatsopano yotenthetsera madzi ndi kapampu kofooka. Nsomba ziwiri zinali zitayang'anitsa mimba kumwamba. Zotsalazo zinali zitafwifwa, zikupuma movutikira. Wogula amene mlamuyo anapangana naye anali atazikana, amvekere adzazitenga zikachira.

“Zinali za mlongo wanga, alamu,” anatero mlamuyo, unyolo uli m'manja. “Ine sindinalandireko kalikonse kake.”

“Mukanapempha, alamu,” anatero Wamawotchi. “Ndikanakupatsani ndi madzi omwe.”

Sanamuyang'anenso. Anagwada pa simenti ya mafuta, naviika dzanja m'beseni, n'kutukula kapaipi pang'onopang'ono osakatulutsa m'madzi. Yaimuna inali momwemo. Masiku atatu onsewo sinachoke pakhomo pake.

Lamulo linkafuna kuti katundu wobedwa akasungidwe kupolisi mpaka mlandu utazengedwa. Sajeni anaganizira za wa pakauntala uja ndi nthabwala zake za nsomba zouma, ndiye anangojambula zithunzi n'kuuza Wamawotchi kuti anyamule zake azipita. Mlamu anakwera galimoto ya polisi, takisi yake n'kutsala pagalaja.

Kunyumba Wamawotchi anatha maola awiri akudonthezera madzi a m'thanki m'beseni, monga mmene kope linkanenera, kuti nsomba zisadzidzimuke pobwerera m'thanki. Pampu inayambanso kulira. Cha m'ma folo koloko anawalitsa tochi m'kapaipi. Kumbuyo kwa yaimuna kunali tinthu tisanu ndi tiwiri tikugwedeza timichira, kalikonse ndi kathumba kake kachikasu pamimba.

Anakhala pansi. Anatsegula kope pa tsamba limene malemu analekezera, pamene zilembo zake zinali zitayamba kale kunjenjemera. Pansi pa mzere womalizawo analemba deti, analemba 29, kenako anawonjezera mawu amene ankalakalaka kunena pakamwa munthu wake ali pafupi: “Taswa timbidzi tanu, mayi.”