Mpando wa Tusajigwe

Mutalemwa anamuona koyamba pa siteji ya ku Uyole, atakhalira chikwama chake, basi ya ku Tukuyu itamusiya.

"Achemwali, kwerani ndikakutuleni."

"Pa chinjinga chamoto chimenechi? Mukufuna kwathu akalandire maliro?"

Komabe anakwera. Dzina lake anali Tusajigwe, ndipo pofika ku Tukuyu mnyamata wathu mutu unali utazungulira kale.

Chikondi chinayaka. Mutalemwa ankagwira ntchito ku Mbeya, koma kwawo kunali ku Bukoba, ulendo wogonera panjira. Mayi ake ankadwaladwala, ndipo pempho lawo linali limodzi: kuona mpongozi maso akadapenya.

"Tidzapita, wapamtima wanga, ndikulonjeza," anatero Tusa. "Koma mpando wakowu umandithyola msana."

M'mawa mwake njinga inali kwa makaniko, a Mwakipesile. Anasenda mpando n'kuikamo siponji yofewa. Tusa atayesa anati mphepo ikumuliza misozi. Anaika galasi lalitali kutsogolo. Kenako Tusa anadandaula mawondo, makaniko anatsitsa zopondera. Atanena za mabampu anasintha masipuling'i.

"Mwana wanga, tikukonza njinga kapena chipinda chogona?" anafunsa a Mwakipesile. "Kwangotsala kuyalapo bulangete basi."

Mutalemwa sanaseke. Mchemwali wake anali atangoimba kuti mayi asiya kudya. Mutalemwa analemba uthenga: "Tusa wanga, ndaikanso chotsamira. Ukhoza kugona mpaka ku Tabora. Chonde tinyamuke Loweruka, amayi afooka."

Yankho linabwera tsiku lotsatira: "Wachita bwino, bebi. Koma m'chiunomu mukundiwawabe. Tidikireko pang'ono."

Adikire chiyani, mayi akutha? Mutalemwa anatsala pang'ono kuchita misala. Anagula chikopa cha nkhosa chaubweya wake, nachisokerera yekha pampando wakumbuyo mpaka zala kutuluka magazi. Anauyatsa wa ku Tukuyu osamuuza, poganiza kuti akangokhalapo kamodzi sakananso.

Anaima ku Kiwira kuti amugulireko nthochi zowotcha. Ali pomwepo panafika kanjinga ka kabaza kotheratu, utsi uli tolotolo. Kumbuyo kunalibe mpando, chitsulo chonyamulira katundu chokha. Pachitsulopo panali Tusa, fumbi lili mbuu, manja atakulunga m'chiuno mwa woyendetsa, tsaya ataligoneka pamsana pake.

"Tusa, ukuchokera kuti?"

Woyendetsa uja, amene sankadziwa kanthu, ndiye anayankha mokondwa.

"Ku Sumbawanga, achimwene. Ndinakamuonetsa kwa makolo. Mkazi wolimba uyu! Kupita ndi kubwera pachitsulo, osadandaula n'kamodzi komwe."

Mtima wa Mutalemwa unasweka. Anayang'ana chitsulocho, kenako anayang'ana Tusa.

"Nanga msana uja?"

"Sunawawepo, Muta," anayankha motsitsa mawu. "Ndinkasowa poyambira. Ndimati mwina utopa wekha."

Woyendetsa kabaza uja kumwetulira kunamuthera, anayamba kuwayang'ana mosinthasintha. Nthawi yomweyo foni ya Mutalemwa inalira. Anali mchemwali wake.

"Achimwene, amayi akufunsa ngati mwanyamuka."

"Uwauze ndili m'njira."

"Ndiye ndiyale pogona alamu? Amayi akuti alamuwo agone pabedi pawo, iwo atsikira pamphasa."

"Usawasunthe amayi," anatero Mutalemwa, misozi ikutsika. "Ndikubwera ndekha."