Mwala wa Pamanda

Wowotcherera zitseko wina anatuluka kukhoti dzuwa litapendeka, ndipo pomwe amamaliza kusaina, minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Anauyamba wapansi, mutu uli balala.

Anali atathyola mkono wa mlamu wake ndi chitsulo, khoti n'kumupatsa zaka zitatu. Tsopano apilo yatheka, koma mwa mtundu wanji? Loya anati chilango chilipobe, angochiimika. Akangotukulira munthu dzanja m'zaka ziwiri zikubwerazi, abwerera kukaseweza zonse. Nanga wamasulidwa kapena ayi? Munthu wozolowera kuti chitseko chimakhala chotseka kapena chotsegula, zimenezi zinamuzunguza.

Atafika pamanda a kuseri kwa fakitale, anamva mapazi kumbuyo. Khwee... khwee... ngati wina akukoka mwendo.

Anaima. Nawonso anaima.

Anayenda. Khwee...

Anawerama n'kutola mwala waukulu ndithu. Potembenuka, munthu uyu ali pafupi! Bambo wachikulire, jekete lotuwa, mutu womanga nsanza.

"Gendani, apongozi," anatero bamboyo mofatsa.

Apongozi? Iye analibe apongozi aamuna. Anapeza maliro atachitika kale asanakwatire.

"Winanso khoti linamuimikira chilango ngati inu. Sabata isanathe anandipeza pompano. Gendani, muone ngati mtima upole."

Dzanja linakwera lokha. Akagenda, ndende. Akapanda kugenda... kaya! Thukuta linamulowa m'maso. Anakumbukira kulira kwa fupa la mlamu wake, thyo! ndipo manyazi anamugwira kuposa mantha.

Mwala unagwa pansi, phi!

"Eya," bambo uja anausa moyo. "Kunyumba sanagone, akuopa kubwera kwanu. Musamenye chitseko. Mungonena kuti, Kachiwala, tsegula."

Anaphethira kamodzi. Msewu uli mbee. Palibe munthu, palibe khwee.

Momwe anafikira kunyumba, miyendo ndiyo ikudziwa. Nyali inali chiyakire, ndipo anamva mpando ukukokeredwa kuchitseko. Mlamu wake analankhulira mkati: "Achemwali, musatsegule. Munthuyu sanasinthe."

Chibakera chinali chitafumbatika kale, mwa chizolowezi. Anachitambasula.

"Kachiwala... tsegula."

Kenako mpando unasuntha, mkazi wake n'kusuzumira.

"Dzina limenelo mwalimva kuti?"

Anafotokoza zonse: jekete lotuwa, nsanza kumutu, mwendo wokoka. Mlamu uja anakhala pansi mwadzidzidzi, atagwira mkono wake wopindikawo.

"Ankanditchula choncho ndi bambo okha," anatero mkaziyo. "Anamwalira ndili kamtsikana. Anawagenda mwala panjira ya kumanda ija, munthu amene khoti linali litangomutulutsa kumene."

Wowotcherera anayang'ana chikhatho chake. Fumbi la mwala uja linali likadalipo.

Mkaziyo anachiyang'ananso kwa nthawi, kenako anatsegula chitseko chonse.