Juzi ya Nsofwa pa Hita

Nsofwa ankafuna kuti juzi yake iume. Inali juzi yake ya kusukulu. Amayi ake anaichapa dzulo lake. Koma unali mwezi wa Juni. Ku Kalingalinga kunkazizira kwambiri. Dzuwa nalo linkachita ulesi.

Nsofwa ankalowa m'kalasi masana. Juzi inali ikadali yonyowa.

M'nyumba munali hita ya magetsi. Inkayaka psuu, pafupi ndi katani. Nsofwa anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Amayi anali panja. Nsofwa anayanika juzi pa hita.

Posakhalitsa magetsi anazima. Hita nayo inazima.

"Nsofwa, tenga chigubu, tiye ku pompi," anatero amayi ali pakhomo. "Osapanga chongo. Batata bako bagona."

Bambo a Nsofwa anali mlonda. Ankagwira ntchito usiku. Ankagona m'mawa. Akagona, ngakhale ng'oma sinkawadzutsa.

Nsofwa anatenga chigubu. Anaiwala juzi. Anaiwala hita. Anaiwala kuzimitsa pakhoma.

Ku mpopi kunali mzere wautali. Anadikira. Anadikiranso. Madzi ankatuluka pang'onopang'ono. Kenaka chigubu cha Nsofwa chinadzaza.

Mwadzidzidzi wailesi ya m'golosale inayamba kuimba.

"Malaiti yabwela! Malaiti yabwela!" ana anafuula.

Aliyense anasangalala. Koma Nsofwa sanasangalale. Anakumbukira juzi ija!

Juzi ili pa hita. Hita ili pafupi ndi katani. Kuseri kwa katani bambo ali m'tulo.

Nsofwa anachita mantha. Akanena, amayi akalipa. Akapanda kunena, bambo apsa.

"Bamayo," anatero Nsofwa chapansipansi.

Amayi sanamve. Ankacheza ndi mnzawo, a Towera.

"Bamayo!"

"Iwe, siuona bakulu bakamba?" anatero amayi.

Nsofwa anakoka chitenje cha amayi. Anakoka mwamphamvu.

"Bamayo, juzi yanga ili pa hita! Sininazimye!"

Macheza anathera pomwepo. Amayi anasiya ndowa. Anathamanga. Nsofwa anathamanga pambuyo, chigubu chili m'manja. Madzi ankakhavukira pamiyendo.

Analumpha ngalande. Anazemba wilibala ya makala. Anadutsa pa tchalitchi. Lero kunyumba kunatalika bwanji!

"Mulungu, batata," Nsofwa ankangonena. "Mulungu, batata."

Anafika pakhomo. Kunkanunkha nsalu yopserera. Amayi anakankha chitseko. M'nyumba munali utsi. Juzi inkafuka. Kamoto kankanyambita dzanja la juzi.

Nsofwa ananyamula chigubu. Ankafuna kuthira madzi pa hita.

"Iyayi! Osatila manzi!" amayi anakuwa. "Manzi na malaiti vimapaya!"

Nsofwa anaima nji.

Amayi anazimitsa pakhoma. Anazula pulagi. Anatenga mtengo wa mopu. Anakola juzi. Anaiponya panja, pa dothi.

"Manje tila," anatero amayi.

Nsofwa anathira madzi pa juzi. Tsii! Moto unazima.

Kuseri kwa katani kunamveka chifuwa. Kho! Kho! Bambo anatuluka akutikita maso.

"Nindani apseleza binzi?" anafunsa bambo, poganiza kuti nyemba zapserera.

Palibe anaseka. Nsofwa anayamba kulira. Analira kwambiri. Bambo anaona utsi. Anaona hita. Anaona m'mphepete mwa katani mutada bii. Tulo tonse tinawathera.

Bambo anakhala pansi. Anamuika Nsofwa pamiyendo.

"Ndine ninaika juzi pa hita," anatero Nsofwa.

"Ndiwe futi wakamba musanga," anatero amayi. "Wachita bwino kukamba. Na ine ninaibala kuzimya."

Amayi anakokera hita pakati pa chipinda. Anaiika kutali ndi katani. Anaiika kutali ndi bedi.

"Hita imankala yeka," anatero amayi. "Sivala juzi. Sivala masokosi. Malaiti yakapita, tizimya pa chipupa."

"Tizimya pa chipupa," anabwereza Nsofwa.

Kenaka Nsofwa anatola juzi yake. Inali ndi chibowo chachikulu. Mutu wake ukanatha kulowa pamenepo.

"Osadandaula," anatero amayi. "Juzi tizapeza ina pa salaula, pamene bagulitsa vovala vakale."

Nsofwa anaisiya juziyo pansi. Anawagwira bambo ake m'khosi. Anawagwira zolimba.

"Juzi ziliko zambili pa salaula," anatero Nsofwa. "Koma batata kulibe."