Kambale ka Mafuta a Mpiru

Dzuwa litapendeka, Phulmani ankamata ndowe pakhoma kuti ziume zosonkhera moto. Mwamuna wake Somra anatulukira atanyamula mpiru wozula. Masamba anali opiringizika, a mawanga achikasu, timakoko topanda njere.

"Munda wonse watere," anatero. "Za mafuta chaka chino tiiwale. Alipo akutidya m'mudzi muno."

Phulmani anazyolika. Mawangawo anali atawaona kale, pa mbande za tanaposi zimene anabwera nazo mobisa kuchokera kwa mayi ake n'kuzibzala kuseri kwa khola. Kunsi kwa masamba kunali nsabwe za zomera waa. Zitamera mapiko, zinaulukira kuminda.

Nthendayo inadumphira munda ndi munda, manong'onong'o nawo khomo ndi khomo. Ena ankati mtondo woyengera mafuta ukumalira wokha kwii, kwii, ng'ombe youzungulitsa ili m'khola. Kenako khanda la mlamu wa Phulmani linamwalira lisanadwale n'komwe.

Sing'anga anathyola nthambi, iliyonse n'kuitcha dzina la mkazi wa m'mudzimo, naziimika m'dziwe. Yoyamba kufota ndiyo ya mfiti. Inafota ya Budhni, mayi wamasiye amene tsiku lililonse lamsika ankasiyira Phulmani kambale ka mafuta a mpiru odzola kumutu pakhomo, poona kuti apongozi a Phulmaniyo ankam'mana.

"Iwe mtengwa, suja umakhalira komweko?" anafunsa apongoziwo. "Unaonako chiyani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga ukunjenjemeranji ngati mbuzi yonyowa?"

"Kukuzizira."

Budhni anthu a m'mudzimo anam'pirikitsa ndi miyala. Podutsa pakhomo paja, magazi ali chuchuchu pachipumi, anayang'ana Phulmani. "Funda mwanawe, ungadwale." Phulmani anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Posakhalitsa, otola nkhuni anam'peza mayiyo m'khwawa atauma.

Phulmani anazula tanaposi yense n'kumuotcha, popanda womuona.

Madzulo a tsiku lamsika, akumata ndowe, anamva fungo la mafuta a mpiru loyabwa m'mphuno. Pakhomo panali kambale kodzaza ndendende, m'chaka chimene mudzi wonse sunayenge ngakhale dontho. Pamwamba pa mafutawo pankayandama tsamba la tanaposi, nsabwe zikuyendayenda.

"Wasiya ndani izi?" Somra anafunsa.

Kutali, mtondo unalira kwii, kwii.

"Musakhudze," ananong'ona Phulmani. "Asiyira ine."

Tsiku lamsika lotsatira, kambale kanabweranso, koma ulendo uno anakapeza m'kati mwa nyumba.