Makiyi a Kamba

Chisamba atangolowa pageti, chikwama chili paphewa, anapeza munthu wachilendo atagona chagada kunsi kwa galimoto ya bambo ake. Pankangooneka miyendo ndi nsapato zothimbirira ndi oyilo.

"Inu kunsiko, mwatayako chiyani?"

Mutu wadazi unasuzumira. "Ndikuona ngati sakudontha, mayi. Ndine makaniko. Mawa ndikudzamutenga, tinamvana kale ndi eni ake."

Ndiye kuti Azakhali sananame pafoni paja. Kamba wagulitsidwa.

Kamba linali dzina la galimotoyo: yakalekale, yobiriwira, yamsana wozungulira, yosadziwa kuthamanga. Bambo ake a Chisamba anaigula iye asanabadwe. Iwo anali wojambula zithunzi pamaukwati, ndipo anthu anaiwala dzina lawo lenileni n'kumangowatcha a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene ankafuula asanadine kamera. Akwatibwi ambirimbiri anajambulitsa atatsamira Kamba. Mpando wakutsogolo unali wa malemu mayi ake a Chisamba, amene ankakhalapo atafungatira chikwama cha kamera ngati khanda. Pampando umenewo ndi pamene anabwerera kuchokera kuchipatala atanyamula Chisamba, ndi pomweponso anapitira kuchipatala ulendo wosabwerera.

Amene anamulandira pakhomo anali mayi omupeza, mayi wofatsa wosoka zovala, amene anakwatiwa pakhomopo Chisamba atapita kale kutali kukagwira ntchito. Chisamba sanawatchepo amayi. Ankangoti Atelala.

"Takulandirani. Bwenzi mutatiuza, tikanakudikirani kudepoti."

"Kwathu sindipempha chilolezo," anatero Chisamba.

Maso ake anayendayenda pabalaza. Katebulo kakang'ono kamene mayi ake ankaikapo maluwa panalibe. Kapeti panalibe. Mipando yonse inali itakankhidwira kukhoma ngati m'chipinda chodikiriramo dokotala. Pamwamba pa kabati panali katoni yonyezimira ya kamera yatsopano. Koma chimene chinamulasa mtima chinali m'khosi mwa Atelala: makiyi a Kamba, atamangidwa pachingwe, akulendewera ngati mkanda.

Azakhali, mlongo wawo wa a Mwetulirani, anamukokera kuseri kwa nyumba, pachingwe choyanikapo zovala.

"Waona wekha, eti? Ndikamayankhula mumati nkhalambayi ndi yamiseche. Mchimwene wanga anaikidwa m'botolo, n'kutsekapo. Sapitanso kulikonse yekha. Akakwera galimoto, mayiyu ali pampando wa mayi ako, kamwa lili kukhutu kwawo, nong'onong'o mpaka kukafika. Paukwati amaima kumbuyo kwawo, nong'onong'o. Ngakhale kapu ya tiyi amachita kuwagwiritsa m'manja. Mwamuna wamkuluyo wasanduka mwana!"

"Nanga galimotoyi?"

"Iyeyo ndiye anaumiriza. Ndinamumva ndi makutu angawa akuti, ‘Abambo, ichoke basi, ndatopa.’ Akuchotsa fungo la mayi ako m'nyumba muno, chimodzichimodzi. Lero galimoto, mawa nyumba. Kamerayo ndi yongowapukutira misozi. Mwana wanga, ukagona tulo mudzadzuka muli panja. Mayi ameneyu achoke, ine ndamuuza kale kuti ayambe kulongedza makina ake."

A Mwetulirani atatuluka kuchipinda, anamukumbatira mwana wawo mwamphamvu. Koma atakhala pansi, Chisamba anaona kuti sakumuyang'ana kumaso. Akamayankhula naye, nkhope ankaipotolera kukhoma, n'kumamuonera m'mbali ngati nkhuku. Iye anati mumtima: manyazi awagwira, akudziwa chimene achita.

Anadikira mpaka mbale za masana zitachotsedwa.

"Ababa, Kamba walakwa chiyani?"

"Wakalamba, mwana wanga. Zipangizo zake sizipezekanso. Ntchito ikufuna kamera yamakono, anzanga onse anasintha kalekale."

"Kamera yakale ija munkati ndi mkono wanu wachitatu. Munkati zamakonozi ndi za anthu aulesi osadziwa kupotokola diso la kamera. Asintha maganizo anu ndani?"

"Ndasintha ndekha."

"Nokha? Nanga makiyi akutani m'khosi mwa anthu?"

Atelala anaika dzanja pachifuwa, pomwe panali makiyiwo.

"Ayankhetu!" anatero Azakhali. "Alamu, pakamwa paja pamatseguka kukhutu kwa mchimwene wanga pokha? Katebulo ka malemu kali kuti? Munagulitsa liti?"

"Sindinagulitse kanthu, alamu."

"Ndiye kanamera miyendo?"

"Kanali nayo kale inayi," anatero a Mwetulirani, kuyesa kuseketsa. Palibe anaseka.

Chisamba anaimirira, misozi ili lendelende. "Ababa, ine sindikufuna galimoto, sindikufuna nyumba. Ndikufuna ndidziwe ngati ndidakali ndi bambo, kapena ndi chidole chongoyendetsedwa ndi zingwe. Ngati Kamba mwamugulitsa mwa kufuna kwanu, tiyeni. Mundiyendetse komaliza, awiriwiri, ine ndikhale pampando wa amayi. Popanda wina wonong'ona. Mukakana, ndidziwa kuti zonse zimene ndamva n'zoona, ndipo m'nyumba muno mutsala mmodzi: ine kapena iwowa."

A Mwetulirani anatembenukira kwa Atelala. Kenako anatambasula dzanja.

"Mayi, patseni makiyi."

"Abambo, ayi."

"Ndati makiyi!"

"Abambo, chonde, nthawi ino ana akuweruka kusukulu. Msewu wadzaza. Ndikupemphani, mawa, kapena ndikwere nawo kumbuyo, sindiyankhula..."

"Mwamva?" anakuwa Azakhali. "Akwere nawo! Ngakhale kuchimbudzi adzakuperekezani ameneyu!"

Asanamalize n'komwe kuyankhula, Azakhali anatambasula dzanja n'kukoka chingwe chija. Chinaduka, chikusiya mzere wofiira pakhosi pa Atelala. Makiyi anawaika m'dzanja la mchimwene wawo. A Mwetulirani anatuluka mutu uli m'mwamba, chitseko anachimenyetsa mpaka chithunzi chapakhoma chinapendekeka.

Kamba anatsokomola, n'kulira ndi mawu ake aja okokera, amene ankadzutsa agalu a mzere wonse. Chisamba anakhala pampando wakutsogolo. Fungo linali lomwe lija la chikopa chakale ndi petulo, ndipo mtima wake unafewa pang'ono. Galimoto inayamba kuyenda kulunjika kugeti.

Apo ndi pomwe Chisamba anawaona Atelala. Anali atazungulira nyumba mothamanga, opanda nsapato, n'kudzaima pakati penipeni pa geti, manja atatambasula. Ankafuula, koma mawu awo ankamezedwa ndi injini.

Chisamba anapukusa mutu. Kukakamira kwake mpaka pamenepa? Anadikira kuti bambo ake aimbe hutala, kapena aponde buleki n'kuwakalipira. Koma iwo ankangoyang'ana kutsogolo, nkhope ikuwala.

"Ukukumbukira mayi ako mmene ankaimbira tikamatuluka pano?" anatero, n'kuwonjezera moto.

"Ababa!"

"Ankati Kamba amayenda bwino akaimbiridwa..."

"Ababa, imani!"

Chisamba anagwira buleki yamanja ndi manja onse awiri n'kukoka. Galimoto inagwedezeka, inalira kwii, injini n'kuzima. Koma chitsulo chakutsogolo chinali chitafika kale. Atelala anagwa chagada m'fumbi.

A Mwetulirani anatembenuka.

"Chavuta n'chiyani? Ndi galu?"

Chisamba anawayang'ana bambo ake, pakamwa pali yasa. Dzuwa linali phwee, geti linali apa, munthu wamkulu wovala diresi lofiira anaima patsogolo pawo penipeni, ndipo iwo akufunsa ngati ndi galu.

"Ndi... ndi akazi anu, ababa."

A Mwetulirani anatuluka m'galimoto. Sanathamange. Anayenda akupapasa galimoto ndi dzanja, kuchokera pachitseko mpaka panyali, mutu ataupotolera kumbali, akusakasaka ndi ngodya ya diso.

"Mayi! Muli pati? Yankhulani, ndikumveni!"

"Ndili pano, abambo. Kumanzere kwanu. Pang'onopang'ono, pali mwala."

Anagwada m'fumbimo n'kuwagwira nkhope ndi manja awiri. Bondo la Atelala linali litachubuka, magazi akutsikira kuphazi. Mwamuna wamkulu uja analira mokweza ngati pamaliro.

"Ndikanakuphani! Chifukwa cha kunyada kwanga ndikanakuphani!"

"Simunandiphe. Bola ine kusiyana ndi mwana wa eni kumsewuko."

Chisamba anagwada pambali pawo. "Zinayamba liti? Bwanji osandiuza?"

Atelala anayang'ana amuna awo. "Ine anandiletsa. Anene okha."

"Pakati pa maso angawa pali mtambo," anatero a Mwetulirani. "Chimene ndachiyang'ana ndicho sindichiona. Ndimaona za m'mbali zokha. Dokotala anati sizibwerera, mankhwala ndi ongochedwetsa. Ndikamapotolera nkhope kukhoma, mwana wanga, ndiye kuti ndikufuna ndikuone. Tsono tandiuza, ndani angaitane wojambula wosaona paukwati wa mwana wake? Zikangomveka, ntchito yatha. Ndipo zikafika kwa azakhali akowa, ndiye kuti zafika pawailesi."

Azakhali anali atafika akupumira m'mwamba, ndipo anamva zonsezi.

"Zonong'ona zija," anapitiriza a Mwetulirani, "amati, ‘Njinga kumanzere.’ ‘Dzenje.’ ‘Mkwatibwi watsinzina, bwerezani.’ ‘Potokolaninso pang'ono, sizinaoneke bwino.’ Mayiwa ndiwo maso anga. Anasiya makasitomala awo n'kumazungulira nane m'maholo. Tsiku lina ndinakhula wogulitsa nthochi ndi galasi lam'mbali, iwo atangoyang'ana pansi kamphindi. Ndi tsiku limenelo anandilanda makiyi, nati galimoto ichoke. Ine ndiye ndinkakana. Kamera yatsopanoyi imapeza yokha nkhope ya munthu, ikaipeza imalira kuti ti-ti. Ndikhoza kujambula ndi khutu. Anaifufuza ndi iwowa."

"Nanga katebulo ka amayi?" anafunsa Chisamba, mawu atatsika.

"Kali kuchipinda kwanu," anayankha Atelala. "Kanawatema bambo anu pamsongolo kangapo. Ndinakafunditsa nsalu kuti kasachite fumbi. Kapeti ali konko, ankawakola phazi. Simunalowekobe kuchipindako."

Chisamba anabisa nkhope m'manja n'kulira. Atelala, magazi akutuluka choncho, ndiwo anamusisita pamsana.

"Inetu ndinkangonena zimene ndinaona," anang'ung'udza Azakhali.

"Achemwali," anatero a Mwetulirani, "maso muli nawo awiri, abwinobwino. Mwakhala pakhomo pano nyengo yonseyi. Munaona chiyani?"

Azakhali anatembenuka. Analowa m'nyumba, n'kubwera ndi beseni la madzi ofunda ndi kansalu. Anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kutsuka bondo la mlamu wawo.

"Musagwedezeke, alamu. Makina anu asiyeni pomwe ali."

M'mawa mwake makaniko uja anafika atavala malaya oyera, ngati wodzatenga mkwatibwi. A Mwetulirani anamupempha kuti adikire. Anatulutsa kamera yatsopano m'katoni, n'kuikhazika pamiyendo yake itatu moyang'anana ndi Kamba.

"Chomaliza," anatero. "Chisamba, khala pampando wakutsogolo, chitseko chikhale chotsegula."

Atelala, bondo lili lomanga, anatsimphina kupita pamalo pawo pa masiku onse, kumbuyo kwa phewa la amuna awo. Chisamba anawagwira dzanja. Anawatsogolera mpaka pagalimoto, anawakhazika pampando uja, n'kuwaika pamiyendo chikwama chakale cha kamera. Atelala anayesa kudzuka.

"Pano si panga."

"Khalani. Mwapagwirira ntchito."

Ndipo iye anakaima kumbuyo kwa bambo ake, kamwa pafupi ndi khutu lawo.

Kamera inalira: ti-ti.

"Yapeza munthu," anatero a Mwetulirani. "Walowa yense?"

Chisamba anasuzumira pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera.

"Kwezani pang'ono, ababa. Amayi mwawadula mutu."

Dzanja la a Mwetulirani linaima m'malere. Sanafunse kuti wati chiyani, makutu awo anali akuthwa. Koma sananong'one mokwanira Chisamba, mawuwo anafika mpaka pagalimoto. Atelala anagwira chikwama chija mwamphamvu.

"Mwetulirani!" anafuula mwini dzina, mawu akusweka.

Sizinatheke. Misozi inali itayamba kale kutsika.

"Akulira, ababa," ananong'ona Chisamba. "Tibwereze?"

"Ayi," anatero a Mwetulirani, n'kudina. "Chimenechi n'chomwecho."

Makaniko analiza galimoto. Kamba anatuluka pageti mosafulumira monga mwa khalidwe lake, n'kukhotera kumsewu. A Mwetulirani anapendeketsa mutu, kumvetsera mpaka mawu a injini atazimirira. Kenako anatambasula manja onse awiri, osadziwa amene agwire mbali iti. Anagwidwa konsekonse, ndipo atatuwo analowa m'nyumba.