Botolo la Lughano

Lughano amakhala ku Leeds, ku England, ndi amayi ake. Amayi ake ndi namwino. Lughano ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kufika kusukulu Lolemba ndi botolo la madzi a kumtsinje.

Aphunzitsi anati, "Mtsinje wathu wa Aire umakafika mpaka kunyanja. Tione ngati uli bwino. Mukapezamo tinkhono ndi tinkhanu, ndiye kuti uli ndi moyo."

Loweruka ana anapita kumtsinje ndi aphunzitsi. Lughano anatunga madzi. Munali matope. Munali tinkhono. Munali tinkhanu. Atafika kunyumba, botolo analiika pawindo la kukhitchini.

Lamlungu m'mawa amayi anaweruka kuntchito ya usiku. Maso ali psuu ndi tulo. Anaona botolo lija.

"Madzi akuda m'khitchini mwanga? Ayi."

Anawasefa ndi kansalu. Anawawiritsa. Atazizira, anawabwezera m'botolo. Kwawo ku Karonga amatero ndi madzi a kumtsinje.

Lughano anadzuka. Madzi ali mbee. Tinkhono mulibe. Tinkhanu mulibe.

"Mami, tinkhono tanga tili kuti?"

"Ndakukonzera madzi. Uzithokoza."

"Koma aphunzitsi akufuna akuda aja."

"Sukulu ikufuna madzi akuda?"

"Madzi abwino amakhala ndi tinkhono."

"Ndiye oyerawa ndi oipa?"

Lughano anayang'ana botolo. Nayenso mutu unaima. 

Amayi anausa moyo. "Usalire, iwe. Ndilibe mphamvu zotonthoza munthu. Tenga jekete."

Anakwera basi. Kumtsinje kunkazizira. Amayi anavala majombo. Anaima pamadzi osaya.

"Pondani miyala, Mami," anatero Lughano. "Vundulani."

Amayi anaponda. Amayi anavundula. Matope anadzuka. Lughano anatunga. Kankhono kanalowa. Tinkhanu tinalowa.

"Ndiye awa ndi abwino?" anafunsa amayi.

"Kwa tinkhono, ee."

"Nanga kwa ife?"

"Ayi. Musamwe."

"Abwino koma osamwa." Amayi anapukusa mutu. "Zanu zimenezo ndi aphunzitsi ako. Tseka botololo, tizipita."

M'basi Lughano anagwira botolo ndi manja awiri. Tinkhanu tinkasambira. Mutu wa amayi unatsika, unatsika, mpaka unatsamira paphewa pake. Amayi anagona.

Phewa linatopa. Lughano sanasunthe.

Basi itaima, anawagwedeza pang'ono.

"Mami, dzukani. Tafika tonse."